Mbale Wathu Akagwidwa ndi Tik

Mawu amene analankhulidwa kwa ogwira ntchito m'nyumba ndi m'mafamu ku Western Cape

Nkhani ya leroyi ambiri timangoinong'ona: mankhwala ozunguza bongo a methamphetamine, amene kuno amawatcha tik, pomwe ku Zimbabwe amati mutoriro.

Si onse amayamba tik chifukwa cha chibwana. Pa nyengo yothyola mphesa ku De Doorns, kapena pamene munthu akugwira ntchito ziwiri kuti atumize kangachepe kumudzi, mnzake amamuuza kuti kautsi kameneka kamachotsa tulo ndi kutopa. Kamachotsadi, koma kenako kamalandanso thanzi, malipiro ndi mtendere. Mudzaona munthu akukhala masiku awiri kapena atatu osagona, pambuyo pake n'kugona osadzuka tsiku lonse. Sadya, amaonda, mano amawonongeka, amakayikira aliyense, ndipo katundu amayamba kusowa m'nyumba.

Zikafika apa, ena timati walodzedwa. Ena timasonkha ndalama n'kumukweza basi ya kumudzi osamupezera chithandizo. Tikatero tabisa manyazi athu, koma matenda tawatula pamutu pa makolo okalamba. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Pempho langa n'lakuti musamutaye, komanso musamudyetsere chizolowezi chakecho.

Choyamba, lankhulani naye atagona ndi kudya, osati atangosuta. Pasakhale gulu. Nenani zimene mwaona: “Achimwene, mwakhala masiku atatu osagona, ndipo ine ndili ndi mantha.” Kumutcha wakuba kumatseka khomo.

Chachiwiri, musamupatse ndalama m'manja. Ngati ndi njala, mugulireni ufa. Ngati ndi lendi, kaperekeni nokha. Pasipoti ndi khadi la kubanki zisungeni pabwino. Inu amene mumagona kuntchito, musamulowetse pa mpanda wa abwana, pakuti ntchito yanu ikatha mudzamira nonse awiri.

Chachitatu, pitani naye limodzi kukafuna chithandizo. Palibe piritsi limene limachiza chizolowezi cha tik. Chimene chimathandiza ndi uphungu wotsatizana. Bungwe la SANCA lili ndi maofesi m'madera ambiri a dziko lino. Zipatala zina za mzinda wa Cape Town, monga ku Tafelsig ndi ku Delft, zili ndi ndondomeko yaulere yotchedwa Matrix, ya masabata 16, ndipo munthu amayendera kuchokera kunyumba. Muthanso kuimba ulere pa 0800 12 13 14 usana kapena usiku.

Masiku oyamba atasiya ndi ovuta. Amafooka, amakhumudwa, ndipo ena amaganiza zodzipha, choncho musamusiye yekha. Akakomoka, akamva kupweteka pachifuwa, kapena akayamba kuona zinthu zimene palibe, imbani 112. Musaope za mapepala: Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limaletsa kukaniza munthu aliyense chithandizo cha mwadzidzidzi. Akachita nkhanza, tulukani ndi ana, moyo wanu ukhale patsogolo.

Akhoza kubwereranso ku tik. Zimachitika, ndipo sizitanthauza kuti khama lanu lapita pachabe. Mubwerere naye kwa aphungu. Inunso musasenze nokha katunduyu. Magulu a Nar-Anon alipo kaamba ka achibale, ndipo pano pali anzanu amene anadutsa njira yomweyi. Tisanabalalike, aliyense apeze mmodzi woti azimuimbira foni zikavuta.