Mtedza wotsala pa lichero



Ife a gulu logulitsa mtedza tapatsidwa mphindi zochepa, choncho nkhani yathu ndi imodzi: mtedza umene umatsala pa lichero tikatha kusankha, wofota, wosweka, wakuda ndi wowawa uja.

Tonse tikudziwa kupweteka kwake. Thumba timagula ndi ngongole ya m'bokosi, ndipo ngongoleyo ili ndi chiwongoladzanja. Ndiye pamabwera maganizo akuti wotsalayo asinjidwe nsinjiro kapena aperedwe chiponde, poti ukasinjidwa kuipa kwake sikuoneka. Koma wodya ndani? Ndi mwana womwa phala, wathu kapena wa kasitomala.

Mu mtedza wotere mumamera chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Munthu akamadya pang'onopang'ono kwa zaka, amaonongeka chiwindi mpaka kudwala khansa, makamaka ngati ali kale ndi hepatitis B. Ofufuza apezanso kuti ana odya kwambiri poizoniyu amakonda kupinimbira. Akachuluka amapha msanga: ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku.

Msika nawonso wachenjera. Ku South Africa mu February 2024 mitundu ingapo ya chiponde inachotsedwa m'mashopu chifukwa cha poizoni yemweyu. Maiko a ku Ulaya salola mtedza wodya kupyola magawo 4 pa biliyoni. Amene tikulota kugulitsa kutali, tiyambe lero kuzolowera.

Chuku chimayambira kumunda, mvula ikadula mtedza usanakhwime, kapena khasu likavulaza makoko pokumba. Chimakula mtedza ukayanikidwa padothi, ukawazidwa madzi kuti uswedwe mosavuta kapena ulemere pa sikelo, ndiponso thumba likanyowa pa lole tikudikira pa bodala.

Tikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, pogula tisathamangire kutsika mtengo. Ngati n'kotheka tigule wosaswa, chifukwa khoko limateteza. Tiugwedeze: wouma umalira m'khoko. Woswa kale tiulume. Ukakhala wofewa, tiusiye, ngakhale ukuoneka bwino. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachiwiri, matumba akhale pa mathabwa, asagunde khoma, ndipo mphepo izidutsa. Gulu lililonse lingathe kugula lona ndi mathabwa kuchokera ku phindu la chaka chino, tizibwerekana.

Chachitatu, wosankhidwa uja tiukwirire kapena tiutenthe. Tisapatse nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe, chifukwa poizoniyu amafika mpaka mu mkaka. Zotayazo tiziwerengere pokhazikitsa mtengo, monga timawerengera thiransipoti ndi chiphaso cha pamsika.

Chachinayi ndicho chachikulu. Mayi akagwa m'tsoka, thumba lonse n'kupezeka lachuku, tsiku lobweza ngongole lili pafupi, amakhala pa mpanipani. Tikupempha magulu akambirane, alembe m'malamulo awo kuti mayi wotere akaonetsa katunduyo kwa komiti, apatsidwe nthawi yoonjezera, kapena athandizidwe ndi thumba la zangozi. Ngongole yathu isakhale chimene chikukankhira mtedza woipa m'phala la mwana.

Tinayamba kusunga ndalama kuti ana athu adye, avale, apite kusukulu. Kasitomala wa ku Chipata, ku Tete kapena ku Lilongwe akamva kuti mtedzawu ndi wa amayi a m'magulu athu, azigula mtima uli m'malo. Tikabwerera kwathu, nkhaniyi ikhale yoyamba pa tsiku loponya masheya.