Tipange tokha amplifaya: chipu chimodzi, waya ndi batire

Pa msonkhano wathawu tinasiyana maganizo pa ndalama zomwe tasonkha. Ena akuti tigule sipika yopangidwa kale, ena akuti tipange yathu. Ine ndili mbali ya opanga, ndipo lero ndifotokoza momwe ntchitoyi imayendera kuti povota aliyense adziwe chomwe akuvomereza. Ndalama ndi zochepa, zida tigula kamodzi basi, ndiye tiyenera kumvetsa tisanayatse chowotcherera.

Amplifaya ntchito yake ndi kutenga mawu ofooka ochokera mu foni ndi kuwapatsa mphamvu zoti agwedeze sipika. Kale pankafunika ma valve kapena ma transistor ambirimbiri. Masiku ano zonsezo zinaikidwa m'kachipu kamodzi, komwe okonza mawailesi amangoti IC. Ife tiwonjezera maresisita ndi makapasita ochepa mozungulira chipucho, amplifaya yatha.

Njira yomwe ndikufuna tigwiritse ntchito imatchedwa point-to-point. Apa sipakhala bolodi yobiriwira ija mumaiona m'kati mwa wailesi. Mwendo wa resisita umawotcheredwa pa mwendo wa chipu mwachindunji, wa kapasita chimodzimodzi. Mawailesi akale a ma valve ankapangidwa choncho, mabolodi asanafale. Ndipo musaganize kuti ndi njira ya osauka okha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kampani ya ku Japan yotchedwa 47 Laboratory, ya Junji Kimura, inatulutsa amplifaya yotchedwa Gaincard, yogulitsidwa pa madola masauzande. Anthu ataitsegula anapeza chipu cha LM3875 ndi tizida tochepa kwambiri, tolumikizidwa pafupipafupi. Ambiri anayamba kupanga zawo kunyumba, ndi kuzitcha Gainclone. Phunziro lake ndi lakuti njira ya mawu ikafupika, phokoso losafunika limachepa.

Koma LM3875 imafuna transformer ndi magetsi a pakhoma, omwe kuno ndi 230 volts. Amenewo amapha, ndipo ife tikuyamba kumene. Ndiye chipu chomwe ndikusankha ndi TDA2003. Chinapangidwira mawailesi a m'galimoto, chimagwira ntchito pa magetsi a pakati pa 8 ndi 18 volts, kutanthauza kuti batire ya 12 volts ikukwana. Magetsi akazima, msonkhano wathu upitirira.

Ndinene zoona pa za mphamvu. Pa 14.4 volts, ndi sipika ya 4 ohms, chipuchi chimatulutsa pafupifupi 6 watts. Pa batire yathu chitulutsa yocheperako. Mwina wina akuseka, poti sipika za pamsika zimalembedwa 1000 watts. Manambala ambiri oterowo ndi okopa ogula chabe. Mawatts 4 kapena 5 enieni, m'bokosi labwino la matabwa, amamveka bwinobwino m'chipinda ngati chino. Pabwalo la mpira ayi, siikwana. Amene akufuna ya dansi ya usiku wonse adziwiretu zimenezo asanakweze dzanja.

Tsopano miyendo. Gwirani chipu zolemba zikuyang'ana inu, miyendo ikuloza pansi, muwerenge kuchokera kumanzere. Ilipo isanu. Mwendo 1 ndi polowera mawu. Mwendo 2 ndi pobwerera gawo la mawu otuluka, lomwe limaweruza kukula kwa mawu. Mwendo 3 ndi ground, ndiye kuti negative ya batire. Mwendo 4 ndi potulukira mawu kupita ku sipika. Mwendo 5 ndi positive. Lembani zimenezi papepala, mulimate pakhoma pomwe tikugwirira ntchito.

Kulumikiza kwake kuli motere. Pa mwendo 1 tiika kapasita ya 10 microfarad, mbali yake ya positive ikuyang'ana chipu. Kuchokera pa mwendo 4 tiika resisita ya 220 ohms, kenako ya 2.2 ohms yopita ku ground. Pomwe maresisita awiriwa akumana, tilumikiza kapasita ya 470 microfarad kupita ku mwendo 2, positive yake kumbali ya chipu. Masamu ake ndi a Fomu 2: gawani 220 ndi 2.2, mupeza 100, onjezani 1. Mawu olowa akulitsidwa ka 101. Samalani pogula, chifukwa 2.2 ohms ndi 2.2k zimamveka zofanana pakamwa koma zimasiyana ka 1000. Yezani ndi multimeter musanachoke pa shopu.

Pakati pa mwendo 4 ndi sipika pakhala kapasita ya 1000 microfarad, positive yake ku mwendo 4. Imeneyi musaidumphe. Pa mwendo 4 pamakhala theka la magetsi a batire nthawi zonse, ngakhale nyimbo isakuimba, ndipo popanda kapasitayi magetsiwo alowa m'sipika ndi kutentha koyilo yake. Tiikanso resisita ya 1 ohm ndi kapasita ya 100 nanofarad, zotsatizana, kuchoka potulukira mawu kupita ku ground. Tizida tiwiriti timaletsa chipu kuti chisamalire pachokha pa mlingo womwe khutu silimva. Chikamatero chimangotentha, inu osadziwa chifukwa chake. Pomaliza, pakati pa mwendo 5 ndi mwendo 3 tiika makapasita awiri, ya 100 nanofarad ndi ya 100 microfarad, pafupi kwambiri ndi chipu. Makapasita onse okhala ndi positive ndi negative akhale a 25 volts.

Foni imatulutsa mawu amphamvu kale, ndiye pakufunika chopotokola cha volume, cha 10k kapena 22k, mawu asanafike pa mwendo 1. Komanso foni ili ndi mbali ziwiri, kumanzere ndi kumanja, pomwe amplifaya yathu ndi ya mbali imodzi. Musangomanga mawaya awiriwo pamodzi. Uliwonse udutse kaye pa resisita yake ya 1k, kenako akumane.

Pali malamulo atatu a point-to-point omwe sitikambirana. Loyamba, miyendo ifupike. Dulani mwendo wa resisita uliwonse kuti utsale wongokwana kufika pomwe ukupita. Waya wautali amatola phokoso ngati mlongoti wa wailesi. Lachiwiri, ma ground onse akumane pamalo amodzi pafupi ndi mwendo 3. Waya wa sipika amanyamula magetsi ambiri, ndipo akayendera limodzi ndi ground ya polowera mawu, mumva kung'ung'uza kosatha. Lachitatu, mwendo uliwonse wopanda chovala womwe wayandikana ndi unzake uvekedwe kachubu. Chikopa cha pulasitiki chosendedwa pa waya wakale chimagwira bwino ntchitoyi. Miyendo 4 ndi 5 ndi yoyandikana, ndipo ikakhudzana mungataye chipu.

Chipu chimatentha, ndiye chimangidwe ndi bawuti pa chitsulo cha aluminiyamu chochotsa kutentha. Zimenezi zimapezeka m'mawailesi akufa ndi m'makompyuta akale. Pa TDA2003, kachitsulo ka kumsana kwake ndi kolumikizidwa ku ground, ndiye palibe vuto kukamanga mwachindunji. Koma chenjerani ndi TDA2030. Maonekedwe ndi amodzimodzi, miyendo isanu, koma kalumikizidwe kake ndi kena. Werengani nambala, osangoti zikufanana.

Powotcherera, tenthetsani miyendo iwiri yomwe mukulumikizayo, kenako mugunditse soda pamiyendopo kuti isungunuke ndi kuyenderera yokha. Masekondi ochepa akwana. Polumikiza pabwino pamaoneka posalala, osati ngati mbulu wa nsima. Soda yambiri imakhala ndi mtovu, ndiye tsegulani mawindo, ndipo musambe m'manja musanagwire chakudya.

Nthawi yoyatsa koyamba ndi yomwe anthu amataya zida chifukwa cha phuma. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Batire ya galimoto ikagundanitsidwa imatha kufiiritsa waya mpaka kuyatsa moto, ndiye fyuzi ya 2 amps ikhale pa waya wa positive, pafupi ndi batire. Poyesa koyamba tiikanso babu ya galimoto ya 12 volts pa waya womwewo. Babu ikangophethira n'kuzima, zinthu zili bwino. Ikawala kwambiri osasiya, chotsani batire msanga, penapake pagundana. Kenako yezani mwendo 4, sipika isanalumikizidwe: mupeze pafupifupi 6 volts. Mukatero lumikizani sipika yakale, osati yabwino ija, ndi kukhudza polowera mawu ndi chala. Ikalira kuti "bvuuu", amplifaya ili moyo. Chinanso, musailumikize mwachindunji ku solar panel, chifukwa dzuwa likaswa mtengo panel imatha kupitirira 18 volts. Idutse pa batire.

Ndiye funso n'lakuti, bwanji osangogula? Sipika yogula ikafa, timaima manja m'khosi kudikira wokonza, ndipo nthawi zina amatiuza kuti bolodi yake sipezeka. Iyi ili ndi tizida tosapitirira 15, tonse tooneka ndi maso, ndipo aliyense wa ife adzadziwa ntchito ya kalikonse. Ambiri muno tinalemba MSCE ndipo tikudikirabe sukulu kapena ntchito. Lamulo la Ohm tinaliloweza kuti tikhoze Physics, apa tiligwira ndi manja. Yemwe wadziwa kuwotcherera ndi kuyeza ndi multimeter wayamba kale njira yokonza mawailesi, matochi ndi nyali za solar za m'dera lathu. Kuopsa kwake kulipo, sindikubisa: tikasasamala, chipu chipsa ndipo ndalama zapita. N'chifukwa chake ndikupempha kuti tigule zipu ziwiri, ndipo pasapezeke woyatsa batire anthu awiri asanayendere waya uliwonse ndi pepala lija m'manja.

Achemwali, ntchitoyi si ya anyamata okha. Chowotcherera chimafuna dzanja lodekha, ndipo ndikufuna pagulu loyamba pakhale atsikana.

Tikavomereza lero, Loweruka aliyense abweretse wailesi yakufa yomwe ili kunyumba, mutapempha kaye eni ake. Tichotsamo sipika, zitsulo za aluminiyamu ndi mawaya, ndipo tiphunzirira pomwepo kuwotcherera tisanakhudze zida zogula. Ngati pali mafunso, ndili pompano.