Kodi Mayi Woyamwitsa Adye Chiyani?

Lero tikambirane za mkaka wa m'mawere.

Kawirikawiri timamva mayi akudandaula kuti, "Ine mkaka wanga ndi wochepa, mwana sakukhuta." Akangotero, aliyense amabwera ndi nzeru yake. Wina ati mupatseni thobwa. Wina ati atafune chinangwa chachiwisi. Wina ati amweko mowa wamasese. Wina ati ayi, mwanayo angoyamba phala basi. Nanga zoona ndi ziti?

Chimene chimabweretsa mkaka

Poyamba tidziwe ichi: mkaka umabwera chifukwa mwana akuyamwa. Bere lili ngati chitsime cha kudambo. Mukatunga madzi, ena amabwera. Mwana akamayamwa pafupipafupi, thupi la mayi limapanga mkaka wambiri. Akamayamwa mwa apo ndi apo, mkaka umachepa, ngakhale mayiyo atamwa thobwa mtsuko wonse.

Tsono mwana ayambe kuyamwa mu ola loyamba atangobadwa. Mkaka woyamba wachikasu uja musamaufinyire pansi. Si wonyansa ayi. Umateteza mwana ku matenda. Khanda liyamwe maulendo 8 mpaka 12 pa tsiku, usana ndi usiku womwe. Lisamangogwira nsonga ya bere, koma lilowetse m'kamwa ndi mbali yakuda ija. Liyambe latha bere limodzi, kenaka mulipatse linalo.

Nanga chakudya ntchito yake n'chiyani? Chimasamala mayi. Zopangira mkaka zimachokera m'thupi mwake. Ngakhale mayi woonda amatulutsa mkaka wabwino, koma akapanda kudya bwino, iyeyo ndiye amatha. Amafooka, magazi amachepa, amadwaladwala. Choncho pamwamba pa chakudya cha m'mawa, cha masana ndi cha madzulo, mayi woyamwitsa adyenso kawiri. Zakudya zake si za kusitolo. Zili m'nkhokwe mwanu ndi kudimba kwanu.

Phala

Phala la ufa woyera lokha silikwanira. Phikani la mgaiwa, ndipo muthiremo nsinjiro zodzaza supuni ziwiri. Ngati muli ndi soya, kazingani kapu imodzi, musuwe makoko, musakanize ndi makapu 4 a chimanga, mukagayitse pamodzi. Soya wosakazinga ayi, amavuta m'mimba. Ufa umenewu usungeni pouma, m'chitini chovindikira. Mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi ukapezeka, uwiritseni ndi kuthira m'phalamo.

Thobwa

Makolo athu sanalakwe popatsa mayi wa mwana wakhanda thobwa. Muli madzi, muli chakudya. Kakonzedwe kake ambiri mukukadziwa, koma tikumbutsane. Viikani mawere, mapira kapena chimanga m'madzi tsiku limodzi. Tsanulani, mufunditse ndi chiguduli kufikira zitamera. Yanikani padzuwa, musinje. Chimenecho ndiye chimera. Phikani phala la mgaiwa lamadzimadzi, mulisiye lizizireko kufikira litangokhala lofunda. Thirani ufa wa chimera, mutakase, muvindikire ligone. M'mawa mwake wiritsaninso, mulisiye lizizire.

Mayi amwe thobwa likadali lotsekemera. Likagona masiku ambiri limasasa, ndipo limayamba kusanduka mowa. Pamenepo silimuyeneranso.

Ndiwo

Nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, chigwada ndi masamba a cham'mwamba zimathandiza magazi ndi maso. Zitendereni ndi nsinjiro kapena muthire mafuta pang'ono, ndipo musaziphike kufikira zitachita bii. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama zimamanga thupi. Usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, ndipo mingayo imalimbitsa mafupa. Mazira nawonso ndi abwino kwa mayi. Kumuletsa dzira n'kumumana chakudya chabe. Mchere wake ukhale uja wa ayodini.

Pakati pa tsiku atafuneko mtedza wokazinga, mbatata yophika, nthochi, papaya, mango kapena gwafa. Malambe aviikeni m'madzi owiritsa, musefe, mayi amwe. Zipatso zotere zimathandiza thupi kutenga zopangira magazi m'ndiwo zamasamba. Tiyi amachita zosiyana ndi zimenezi. Ndiye asamamwe tiyi pa nthawi ya nsima.

Madzi

Mayi woyamwitsa amamva ludzu kwambiri. Aziika kapu ya madzi pafupi akamayamwitsa, ndipo azimwa ludzu likamugwira. Madziwo akhale owiritsa kapena othira mankhwala a klorini. Kudzikakamiza kumwa mopitirira ludzu sikuwonjezera mkaka.

Zofuna kusamala

Mowa subweretsa mkaka. Umachititsa kuti mkaka uzituluka movutikira, ndiponso umadutsa m'mkakamo n'kufika kwa mwana. Masese, kachasu, zonsezo ayi.

Chinangwa ndi chakudya chopatsa mphamvu, koma palibe umboni woti chachiwisi chimachulukitsa mkaka. Chowawa chija chili ndi poizoni. Chosaviika ndi chosaphika chikhoza kupha munthu. Ndi bwino kudya chophika.

Ndipo chachikulu ndi ichi: mwana asanakwane miyezi 6 musamupatse madzi, phala, thobwa kapena mankhwala azitsamba. Kamimba kake ndi kakang'ono. Kakadzaza ndi phala, mwana sayamwa. Akapanda kuyamwa, mkaka umachepadi. Mwaona? Phala limene timati lithandize, ndilo limaphwetsa bere. Kuwonjezera apo limabweretsa kutsegula m'mimba. Mkaka wa mayi uli ndi madzi okwanira ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Akakwana miyezi 6 ayambe phala, koma apitirize kuyamwa kufikira zaka 2 kapena kuposa.

Tidziwa bwanji kuti mwana akukhuta?

Kulira kokha si chizindikiro cha njala. Werengani matewera. Mwana wongoyamwa akamakodza maulendo 6 kapena kuposa pa tsiku, ndipo kusikelo akukwera, mkaka ukukwanira. Koma ngati sakukwera, akukodza pang'ono, akukana bere, kapena bere la mayi latupa ndi kutentha, musachedwe, pitani kuchipatala. Mayi amene ali pa mankhwala a ma ARV azimwa tsiku lililonse osadumphitsa, ndipo atsate malangizo a anamwino pa kayamwitsidwe.

Mawu kwa abambo ndi agogo

Mutu umodzi susenza denga. Mayi amene wachoka kudimba, wapita kumadzi, wakatola nkhuni, wasinja, nthawi yokhala pansi ndi mwana aipeza kuti? Abambo, musagulitse mtedza ndi soya yense. Siyaniko wa pakhomo. Madzi ndi nkhuni mukhoza kutenga pa njinga. Pogawa ndiwo, mbale ya mayi isakhale yotsiriza. Inu agogo, mawu anu amamveka pamudzi. Mpongozi wanu akati mkaka wachepa, musathamangire phala la mwana. Phikirani mayiyo phala, mumukhazike pamphasa, mwana abwerere kubere.



Mafunso okambirana

1. N'chiyani chimene chimachulukitsa mkaka wa mayi?
2. Tchulani zakudya zisanu za m'mudzi mwanu zoyenera mayi woyamwitsa.
3. Kodi abambo angathandize bwanji?