Bowa tingalime chaka chonse, bola mbewu ipezeke pafupi

Mawu a alimi pa msonkhano wa makalabu a m'chigwa cha Domasi, m'boma la Zomba



Ife a kuno ku Domasi bowa timamudziwa kuyambira kale. Mvula ikagwa, amayi amakwera mapiri a Malosa ndi Zomba kukazula ndelema, manyame ndi utale. Ngakhale Brian Morris, katswiri wa ku Britain yemwe anatulutsa buku la bowa wa m'Malawi mu 1987, zambiri anaphunzira kwa amayi a dera lino. Koma ndelema ndi manyame amadalira mizu ya mitengo yachilengedwe monga mombo ndi msuku, pomwe utale umadalira chiswe cha pachulu. Mitengo ikutha ndi makala, ndipo bowa ameneyu sangadzalidwe m'nyumba.

Bowa yemwe tingalime ndi wa oyisitala. Safuna munda kapena feteleza. Amamera pa mapesi a chimanga ndi a mpunga, omwe ambiri a ife timangotentha tikakolola. Mlimi akaphika mapesiwo ndi nthunzi mu mgolo, n'kuwaika m'mapepala apulasitiki pamodzi ndi mbewu, amayamba kukolola pakatha masabata 4 mpaka 6, ngakhale m'chilimwe.

Vuto lathu lalikulu ndi mbewu. Kwa zaka zambiri mbewu ya bowa yakhala ikupangidwa m'malo ochepa a kafukufuku monga ku Bvumbwe ku Thyolo ndi ku Bunda ku Lilongwe. Mbewuyi ndi yamoyo, ikatenthedwa paulendo kapena ikakhalitsa imafooka, ndipo woluza ndi mlimi.

Njira yochulukitsa mbewu m'madzi ingatithandize. Amasungunula shuga kapena uchi pang'ono, pafupifupi magalamu 40 pa lita imodzi ya madzi, n'kuphika mu poto wotseka wa nthunzi pa madigiri 121 kwa mphindi 20 kuti tizilombo tife. Madzi akazizira amaikamo kachidutswa ka ulusi woyera wa bowa. Pakatha sabata imodzi kapena awiri ulusiwo umachuluka, ndipo botolo limodzi limakwanira kuthira m'mabotolo ambiri a mapira ophika, omwe amasanduka mbewu yopita kwa alimi. Koma ntchitoyi imafuna ukhondo wa mu labotale. Nkhungu ikalowa m'madzimo sioneka msanga, ndipo ikhoza kuononga mbewu ya kalabu yonse. Choncho siyochitira m'khitchini.

Pa nkhani ya thanzi tinene zoona zokhazokha. Bowa wa oyisitala ali ndi zomanga thupi, mavitamini a gulu la B ndi potaziyamu, ndipo mafuta ndi ochepa. Akayanikidwa padzuwa amakhala ndi vitamini D wambiri. Ku Japan, mu 1985, boma linavomereza mankhwala otchedwa lentinan, ochokera ku bowa wa shiitake, kuti azithandizira mankhwala ena a khansa ya m'mimba. Amenewo ndi mankhwala oyengedwa ndipo amapereka ndi madokotala. Ndiwo za bowa sizichiza Edzi, shuga kapena khansa. Amene ali pa ma ARV adye bowa ngati chakudya chabwino, koma asasiye mankhwala. Wogulitsa wonamiza odwala akuipitsa mbiri ya alimi tonse.

Tsono zopempha zathu ndi zitatu. Choyamba, unduna wa zaulimi mogwirizana ndi University of Malawi, yomwe ili konkuno ku Zomba, ukhazikitse malo opangira mbewu m'boma lino ndi kuphunzitsa achinyamata athu ntchitoyi. Chachiwiri, pa botolo lililonse la mbewu pazilembedwa mtundu, tsiku lopangira ndi dzina la wopanga, kuti mbewu ikakanika tizidziwa kodandaula. Chachitatu, alangizi aphunzitsidwe za bowa monga anaphunzitsidwira za chimanga.

Ife mbali yathu tileke kutentha mapesi, timange tinyumba ta bowa m'makalabu, ndipo tizigulitsa pamodzi kuti mtengo tiziunena tokha.