Khoma la ku Nachisaka: bulashi agwire ndani?

(Awa ndi mawu omwe mnzathu wina anayankhula kwa atsikana omwe adzipereka kukapenta nawo khoma la holo ya zaluso ku Nachisaka, m'boma la Dowa. Tawaika pano kuti nanu omwe simunabwere muwerenge.)

Ndikudziwa kuti ena mwachokera ku Area 25, ena ku Kawale, ena ku Chinsapo, ndipo mtengo wa minibasi masiku ano si wamasewera, ndiye sindikutayirani nthawi. Ndiyamba ndi kuulula kulakwa kwanga, chifukwa ndi komwe kwatisonkhanitsa pano.

Ine kwathu ndi ku Nachisaka konko, koma sukulu ndi ntchito zinandikhazika mu Lilongwe muno. Komiti ya holo itativomereza kuti tipente khoma lakutsogolo, ndinakhala pansi usiku umodzi n'kujambula chithunzi papepala. Ndinajambula mtsikana wovala yunifolomu, mwana kumsana, misozi ili mbwembwembwe, pamwamba pake mawu akuti tithetse maukwati a ana. Ndinachikonda. Ndinachitumiza pa gulu lathu la WhatsApp, nonse munaika timitima. Kenako ndinakwera galimoto kupita nacho kumudzi.

Amayi anasonkhana pansi pa mtengo, pepala lija linayenda m'manja mwa aliyense, palibe anayankhula. Mukudziwa kukhala chete kwa amayi a kumudzi, kuja kumakupangitsa thukuta. Potsiriza agogo ena, omwe ndi anamkungwi, anandiyang'ana n'kunena kuti: "Mwanawe, wajambula bwino. Koma ife tizidutsa pakhomapa tsiku lililonse popita kumjigo ndi kuchigayo. Ukufuna tizidziona tikulira mpaka liti? Nanga wolima soya uja ali kuti? Wosunga bokosi la banki m'khonde ali kuti?" Mtsikana wina wa Fomu 3 anawonjezera kuti m'kalasi mwawo muli mnzawo yemwe anabwerera kusukulu atabereka, ndipo chithunzicho chikakwera pakhoma anyamata azimutchula dzina lake pomuloza. Asisi, ndinapinda pepala langa n'kuliika m'chikwama.

Ndinaganiza kwambiri pobwerera. Ndinapita kumudzi ngati munthu wokaphunzitsa amayi kujambula, chonsecho amayi a m'chigawo chapakati anayamba kujambula kalekale. Pitani ku Chongoni m'boma la Dedza. Kumeneko kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Zithunzi zofiira, zakale kwambiri, akatswiri amati ndi za Akafula. Zoyera zambiri ndi za Achewa, ndipo zina mwa izo zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana. Kunena kwina, amayi ankagwiritsa ntchito thanthwe ngati bolodi pophunzitsa ana awo aakazi. Ngakhale lero, ndani amazira nyumba? Ndani amadziwa dambo lomwe kuli mtsiro wakuda, kapena komwe kuli dothi loyera ndi lofiira? Khirisimasi ikayandikira, ndani amalemba maluwa ndi mizere m'munsi mwa khoma ndi zala zake? Ndi amayi athu.

Koma taonani zomwe zimachitika ndalama ikangolowapo. Pakabwera penti wa m'chitini, bulashi ndi alawansi, basi ntchito ija yasanduka ya abambo. Amaitana mnyamata wolemba zikwangwani wa pa Mponela kapena pa boma, iye amakwera pamakwerero, amayi amatunga madzi otsukira mabulashi n'kuphika nsima. Pomaliza pakona pakhoma pamalembedwa dzina ndi nambala ya foni ya mnyamata uja. Sindikudana naye, naye akusaka ya sopo. Funso langa ndi lakuti, luso lomwe linali la amayi pomwe linali laulere, bwanji likuchoka m'manja mwawo pomwe layamba kulipira?

Ndiye tinabwerera kachiwiri, ulendo uno opanda chithunzi. Tinatenga mapepala, makala ndi choko, tinakhala masiku awiri. Tinagawa magulu atatu: agogo paokha, amayi apakati paokha, atsikana paokha, chifukwa mtsikana sangamasuke apongozi ake ali pomwepo. Funso linali limodzi: mwana wanu wamkazi akamadutsa pano zaka khumi zikubwerazi, mukufuna aziona chiyani? Zomwe zinatuluka ndi izi. Mayi ali pasikelo akugulitsa mtedza wake, ndalama akulandira yekha. Mtsikana ali panjinga, mabuku pakaliyala. Namwino. Bwalo la chimtali. Mayi atakhala pampando wa ufumu, pakuti kwathu kuno mbumba ndi ya kuchikazi ndipo mafumu aakazi si achilendo. Kumbuyo kwa onsewa mapiri athu a Dowa ndi Ntchisi. Mtsikana wa mwana kumsana uja sanachoke ayi, koma tsopano akulowa pakhomo la kalasi, agogo ake akulandira mwanayo, ndipo nkhope yake si ya munthu aliyense wa m'mudzimo.

Panali mkangano umodzi womwe ndikufuna muudziwe musanafike. Ena mwa ife a m'tauni tinkafuna kuikapo zizindikiro za kuchinamwali, poti n'zokongola ndipo zimaoneka bwino pa Instagram. Anamkungwi anakana. Anati zina ndi za kutsimba, sizoyanika pamsewu pomwe pamadutsa ana ndi amuna. Titha kutsutsana nawo pa miyambo ina, ndipo pomwe mwambo ukupweteka mtsikana tizitsutsa ndithu mosaopa. Koma kutenga chinsinsi cha amayi anzathu n'kuchisandutsa chokongoletsera popanda chilolezo chawo, kumeneko si kumenyera ufulu, ndi kulanda. Tinagwirizana kuti m'mphepete mwa chithunzi muzungulire mizere ndi maluwa omwe amayi amalemba kale pamakoma a nyumba zawo, ndipo alembe okha.

Za mawu a pakhoma tinasankha ochepa. Malamulo a dziko lino amati munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Lamulo la maukwati linanena zimenezi mu 2015, ndipo mu 2017 aphungu anasintha Konsitityushoni kuti pasakhalenso kampata koti makolo avomereze ukwati wa mwana. Ambiri kumudzi anamva kuti lamulo lilipo, koma sadziwa koimba zinthu zikavuta. Choncho pakona imodzi tilemba zaka 18 zija, nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, ndi 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Zilembo zikhale zazikulu, zoti munthu ali pakabaza aziwerenga osatsika.

Tsopano za ntchito yeniyeni, poti ambiri mwandifunsa kuti "ine sinditha kujambula, ndikatani kumeneko?" Mverani. Tipenta nyengo yopanda mvula, chifukwa khoma lonyowa limasupula penti. Tsiku loyamba ndi lokwecha khoma, kumata ming'alu ndi simenti n'kulisiya liume. Kenako timapaka penti woyera woyambira. Akauma, timalemba mabokosi ndi choko pakhoma, ofanana ndi mabokosi omwe tajambula papepala, ndiye aliyense amakopera za m'bokosi lake lokha. Ngati unakoperapo mapu a Malawi ku pulayimale, ntchito iyi uitha. Mitundu timasakaniza tokha kuchokera ku wofiira, wachikasu, wabuluu, woyera ndi wakuda, ndipo wosakaniza akhale mmodzi kuti khungu la munthu lisasinthe pakati pa nkhope. Timayamba kumwamba kutsika m'munsi kuti madontho asaononge zomwe zatha. Dzuwa likafika paliwombo timapuma, poti penti amauma msanga n'kusiya mizere.

Pali mfundo zinayi zomwe tagwirizana ndi komiti komanso amfumu, ndipo ndikupempha kuti tizisunge. Yoyamba, mwa anthu atatu aliwonse ogwira bulashi, awiri akhale a ku Nachisaka konko. Ife a m'tauni ndife othandizira. Yachiwiri, pamakwerero akwere atsikana. Abambo ndi anyamata omwe akufuna kuthandiza ndi olandiridwa, agwire makwerero, atunge madzi, aone nawo kukoma kwake. Valani thalauzi kapena chitenje chomanga bwino, nkhani yakuti mkazi sakwera pamwamba ithere pomwepo. Yachitatu, ndalama yomwe tikanalipira wolemba zikwangwani igawidwe kwa amayi ndi atsikana a komweko omwe agwire ntchito masiku onse, ndipo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka ilembedwe papepala lomata pachitseko cha holo. Yachinayi, aliyense wopenta alembe dzina lake m'munsi mwa khoma. Yemwe sadziwa kulemba adinde dzanja lake.

Mfundo ya mayinayi ena akuiona ngati yaing'ono. Tulutsani K200 m'chikwama mwanu. Mayi ali pamenepo ndi Rose Chibambo, yemwe anatsogolera amayi pomenyana ndi ulamuliro wa atsamunda ndipo anamangidwa mu 1959. Nkhope yake inafika pandalama mu 2012, patadutsa zaka zoposa 50. Nanga amayi omwe anayenda naye, omwe anaphika, kubisa anthu ndi kuimba pamisonkhano, mayina awo ali kuti? Amayi omwe anajambula pa Chongoni sitidziwa ngakhale mmodzi. Ife tisalole kuti khoma lathu likhalenso la "amayi ena ake".

Chomaliza ndi cha mafoni athu. Tikafika, musayambe ndi kujambula ana a eni ake n'kuwaponya pa Facebook ndi mawu achisoni. Pemphani kaye, ndipo wina akakana, wakana. Mukalonjere amfumu, mukagwade polonjera agogo, mukadye zomwe mwapatsidwa. Ife tikakhalako masiku ochepa n'kubwerera ku Lilongwe. Khomalo litsala ndi iwo, ndipo ndi iwo omwe adzaliteteze kwa ana olemba ndi makala ndi kwa andale ofuna kumatapo mapositala nthawi ya kampeni. Munthu amasamala chomwe anachigwira ndi manja ake.

Agogo aja anandifunsa tsiku lomwe ndinkanyamuka kuti, "Kodi bulashiyo ndi yolemera kuposa khasu?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye undisungire yanga." Ndawasungira. Omwe mukupita nawo, lembetsani mayina kwa mlembi musanatuluke, ndipo amene ali ndi malaya akale, zitini zopanda kanthu kapena bulashi yomwe ikungokhala kunyumba, abwere nazo Loweruka.