Nyemba za kudimba ndi chisanu: kodi mankhwala angathandize?

(Mawu omwe anayankhulidwa pa msonkhano wa omvera wailesi)

Funso lomwe tasonkhanira lero ndi lakuti: kodi alipo mankhwala oteteza nyemba zongomera kumene kuti zisapse ndi chisanu? Yankho ndiliyambe ndi kumapeto. Mankhwala othandiza nyemba kupirira kuzizira alipo ndithu, koma oletsa chisanu palibe. Wina akakuuzani kuti ali nawo m'botolo, gwirani thumba lanu.

Kuno kwathu ku Angónia tili pamtunda. Midzi yambiri ili pamwamba pa mamita 1,000, ndipo phiri la Dómuè limapitirira mamita 2,000. N'chifukwa chake mbatatesi ndi kabichi zimatikonda. Koma mu Juni ndi Julaye, kuyambira ku Ulónguè, ku Dómuè mpaka kwa anzathu a ku Tsangano, usiku kumazizira zedi, makamaka m'madambo momwe muli madimba athu. Tsono nyemba ndi mbewu yosapirira kuzizira. Timathamangira kudzala msanga kuti tikapeze mtengo wabwino pamsika ena asanakolole, eti? Koma mbewu ikafera m'nthaka, ndalama yapita, ndiwo za ana zapitanso.

Tamverani bwino apa, adani ndi awiri, ndipo tisawasokoneze.

Mdani woyamba ndi nthaka yozizira. Nyemba zimamera bwino nthaka ikafunda kupitirira madigiri 15. Ikatsika kufika pa 10, zimangokhala duu, osamera. Choopsa kwenikweni chimachitika tsiku loyamba lomwelo. Mbewu youma gwa ikamwa madzi ozizira mofulumira, m'kati mwake mumang'ambika, chakudya chake n'kumatayikira m'dothi. Chakudyacho chimaitana tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timawoletsa mbewu ndi mizu. Ndiye mukafukula phando mumapeza nyemba yofewa, yonunkha, kapena kambewu kofota patsinde. Timati mbewu inali yoipa, pamene vuto ndi kuzizira.

Pa mdani ameneyu mankhwala amagwira ntchito. Alipo mankhwala opaka ku mbewu musanadzale, omwe amaletsa kuwola, ndipo ena amaphanso mphutsi zoboola tsinde la nyemba zija. Mankhwalawo safunditsa nthaka ayi, koma amailondera mbewu pa masiku omwe ikuchedwa kumera. Gulani m'sitolo yovomerezeka, m'paketi yake yosatsegula, ndipo muyeso tsatani wolembedwa papaketipo. Ngati Chipwitikizi chake chikukuvutani, pitani nayo kwa alangizi a ku SDAE akuwerengereni. Zogula zopungulidwa m'timabotolo topanda dzina, ayi ndithu. Paja mu 2014 boma la Mozambique linaletsa mankhwala ena a ulimi chifukwa ndi oopsa kwa anthu, ndiye kabotolo kopanda dzina simungadziwe kuti muli chiyani. Popaka valani zoteteza m'manja, musagwiritse ntchito mbale yodyera, ndipo mbewu yopaka mankhwala ikatsala musaphike, musapatsenso nkhuku. Amayi, iikeni patali ndi ana.

Feteleza nayenso ali ndi mbali yake. Nthaka ikazizira, mizu imavutika kukoka chakudya cha phosphorus, ndipo mbewu zimapinimbira. Feteleza wokulitsa wa NPK 12-24-12 amathandiza pamenepa, mukamuika pambali pa phando osakhudza mbewu. Koma urea wambiri m'nyengo yozizira amakulitsa masamba anthete, ofewa, omwe chisanu sichichedwa kuwaotcha.

Ena mwamvapo za asipilini, piritsi la mutu lija. Si nthano ayi. M'chaka cha 2000, akatswiri a ku Australia otsogozedwa ndi Tissa Senaratna anafalitsa zomwe anapeza atayesa asipilini pa nyemba ndi tomato. Mbewu zomwe anazinyika m'madzi a asipilini wochepa kwambiri, ndi zomwe anathirira madziwo patsinde zitamera, zinapirira kuzizira, kutentha ndi chilala kuposa zinzake. Chinsinsi chake n'chakuti mu asipilini muli mankhwala ofanana ndi omwe chomera chimapanga chokha chikakhala pamavuto. Ndiye chimakhala ngati chamva mfuu, n'kukonzekeratu.

Koma abale, tisathamange. Muyeso omwe anagwiritsa ntchito ndi wochepa, ngati piritsi limodzi la 500 mg m'ndowa ya malita 20. Mukachulukitsa mumavulaza mbewu. Chinanso, iwo anayesera pa mbewu zochepa, pamalo omwe ankatha kulamulira kuzizira kwake, osati m'dambo ngati athuwa. Ndipo kumbukirani zomwe tanena zija, kuti nyemba youma siigwirizana ndi madzi ozizira, choncho kuinyika m'madzi a m'mawa a pachitsime n'kuipha nokha. Wofuna kuyesa adikire zimere, athirire patsinde mizere iwiri yokha, ina aisiye, kenaka adzatiuze kuno zomwe waona. Komanso Panado si asipilini, musasinthanitse.

Tsopano mdani wachiwiri, chisanu chenichenicho, chomwe chimayeretsa udzu mbuu m'mamawa. Chimabwera usiku wopanda mitambo, wopanda mphepo, nyenyezi zili ngwee. Usiku wotere kutentha kwa nthaka kumathawira kumwamba. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi kuchoka kumtunda n'kukadikha kumunsi kwa dambo. Kumazizira kwambiri kutatsala pang'ono kucha. Zikafika pa madigiri 0 kapena kutsikirapo, madzi a m'masamba amaundana, n'kuphwanya tsamba m'kati. Dzuwa likamatuluka mumangoona nyemba zakuda bii ngati wazithira madzi otentha. Zikatero palibe chopopera chomwe chingazidzutse.

Nanga titani? Njira zake sizigulidwa m'sitolo.

Choyamba ndi nthawi. Ngati dimba lanu limapsa chaka ndi chaka, dikirani Julaye adutse, mudzale mu Ogasiti kukayamba kufunda. Ngati mtima sukulola, gawani mbewu pawiri, ina msanga, ina patapita masabata awiri kapena atatu. Walira mvula walira matope, wothamangira mtengo wabwino adziwenso kuti akuthamangira chisanu.

Chachiwiri ndi malo. Nyemba ikani chakumtunda kwa dimba, komwe dzuwa limakhalitsa. Kumunsi kozizirako ikaniko kabichi, mpiru kapena nsawawa, zomwe zikadali zazing'ono zimapirira kuzizira kuposa nyemba. Mpanda wothithikana kumunsi kwa dimba umatsekera mpweya wozizira ngati damu, choncho siyani mipata kuti uzidutsa.

Chachitatu ndi madzi. Nthaka yonyowa imasunga kutentha kwa dzuwa kuposa youma, n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. Mukaona kuti kumwamba kwayera ndipo mphepo yaleka, thirirani masana dzuwa likadalipo. Tsiku limenelo musapalire, pakuti dothi lotipula silisunga kutentha. Podzala namonso, dzalani m'nthaka yomwe munathirira kale dzulo lake, dzuwa litakwera, ndipo musakwirire mozama kupitirira masentimita 5.

Chachinayi ndi kufunditsa. Zikani timitengo, yalani udzu kapena masaka pamwamba ngati timachitira pa nazale ya fodya, osakhudza masamba. M'mawa dzuwa likawala chotsani. Udzu woyala pansi penipeni ndi wabwino posunga chinyezi kukatentha, koma usiku wa chisanu umatsekera kutentha m'nthaka, masamba n'kuzizidwa pamwamba.

Pomaliza, pempho langa kwa kalabu ino ndi ili. Tipeze kope limodzi, mlembi azilembamo tsiku lililonse lomwe chisanu chagwa, dambo lake, ndi mbewu zomwe zapsa. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu tidzadziwa tokha tsiku loyenera kudzala m'dimba lililonse. Tili ndi mwayi kuti m'boma lathu lino muli malo ofufuzira zaulimi a IIAM ku Ntengo Umodzi komanso sukulu ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulónguè. Tikapita ndi kope lathu m'manja, mafunso athu adzakhala ndi mutu, ndipo pa wailesi tidzakhala ndi zouza anzathu.

Amene ali ndi funso aimike mkono.