Mankhwala ndi Mandala pa Ulendo wa Maphunziro

(Awa ndi mau amene adayankhula mmodzi mwa mamembala a nthambi yathu ya Lilongwe, yemwe adagwira ntchito yopereka mankhwala m'zipatala kwa zaka zambiri, pa mwambo wotsanzikana ndi achinyamata a pasukulu pathu amene akupita kunja kukaphunzira. Tawasindikiza popeza makolo ambiri amene sadathe kubwera adapempha.)

 Andipatsa mphindi makumi awiri. Amene tidali kalasi limodzi akudziwa kuti ine ndi nthawi sitidagwirizanepo chiyambire, kotero Bambo Wapampando mukaona kuti ndapitirira, mungokhosomola, ndimva.

Mandala mukuwaonawa ndidayamba kuvala ndili Fomu 2. Nditapeza mwayi wa maphunziro ku Scotland, zaka zambiri zapitazo, ndidalongedza zonse: jekete lochindikala, nsapato, ufa pang'ono, usipa, ngakhale mthiko. Koma mandala ndidatenga amodzi okha, omwe adali pamphuno. Sabata yachiwiri ndidaterereka pamsewu pamene padaundana madzi, mandala aja n'kugwa n'kusweka. Apa m'pamene ndidadziwa kuti munthu ukhoza kukhala ndi pasipoti ndi viza koma n'kulephera kuwerenga nambala ya basi. Pepala losonyeza mphamvu ya mandala anga ndidalibe. Lidatsala m'kabati ya bambo wina wa ku Old Town amene ankandiyeza maso chaka ndi chaka. Ndidatha masiku asanu ndi anai ndikukopera notsi za mnzanga wa ku Ghana, ndipo mandala atsopano adandidyera pafupifupi theka la ndalama za mwezi umenewo.

Zanga zidali zazing'ono. Tidali ndi Mmalawi mnzathu wina amene ankadwala khunyu, koma sadauze munthu. Mapiritsi amene adachoka nawo kuno atatha, adazengereza kupita kwa dokotala, ndipo atapita, atafunsidwa dzina la mankhwala ake, adangoti ndi toyera, tating'ono, ndimamwa usiku. Adagwa m'laibulale kutatsala masiku ochepa kuti mayeso ayambe. Mayesowo adalemba chaka chotsatira.

Matenda amakwera nawo ndege popanda tikiti, koma dokotala amene amakudziwani amatsala kuno. Nkhani yanga yonse yagona pamenepo. Kuno kwathu timadziwika. Ambiri mwa inu, makamaka amene mwakulira ku Area 10, Area 12, Area 43 kapena Area 47, mankhwala anu amakakutengerani ndi amayi pochokera kuntchito ku City Centre, ndipo dzina lake simudaliwerengepo n'kamodzi komwe. Kumene mukupitako kulibe amayi, ndipo wa m'famase sangakupatseni mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga, a khunyu, ngakhale amoxicillin amene, popanda pepala la dokotala wovomerezeka m'dzikomo. Ku London pepala lolembedwa ndi dokotala wa ku Lilongwe silingakuguleni mankhwala. Ntchito yake ndi ina: kuuza dokotala wa kumeneko zimene akulembereni.

Tsono kutatsala miyezi iwiri kuti munyamuke, osati kutatsala masiku awiri, pitani kwa dokotala wanu mukapemphe kalata ya m'Chingerezi, ya chidindo cha chipatala. M'kalatamo mukhale dzina lanu monga lidalembedwera m'pasipoti, matenda anu, chaka chimene adayamba, mankhwala alionse amene mumamwa, mphamvu yake, kamwedwe kake, kuchuluka kwa amene mwanyamula, ndi mankhwala amene thupi lanu limadana nawo. Buku lanu la kuchipatala lija mulitengenso, ngakhale lili lothetheka bwanji, koma musadalire lokhalo, pakuti zolemba za madokotala athu nthawi zina amatha kuziwerenga ndi eni ake okha.

Pa maina a mankhwala ndiime pang'ono, chifukwa m'pamene ambiri amasokonekera. Mankhwala ali ndi maina awiri, la malonda ndi lenileni. Panado ndi dzina la malonda. Lenileni ndi paracetamol, ndipo ku America mankhwala omwewo amawatcha acetaminophen, m'sitolo n'kuwapeza atalembedwa Tylenol. Wosadziwa akhoza kumwa onse awiri poganiza kuti ndi osiyana, chiwindi n'kuonongeka. Inhela ya mphumu imene timati Ventolin, mankhwala ake ndi salbutamol, ku America albuterol. Mapiritsi a shuga a glibenclamide kumeneko ndi glyburide. Bactrim ndi cotrimoxazole. Muloweze dzina lenileni ndi nambala ya mamiligiramu monga tinkalowezera mitsinje ya mu Africa kwa aphunzitsi athu a Jogalafe akhala apowa.

Mutenge ochuluka bwanji? Maiko ambiri, kuphatikizapo Britain ndi America, muyezo wao ndi mankhwala a miyezi itatu. Japan ngwokhwima kuposa pamenepo: mankhwala olembedwa ndi dokotala akapitirira a mwezi umodzi, pamafunika chilolezo chopempheratu musadanyamuke. Funsani ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukupita, kapena lemberani ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja pa yunivesite yanu. Safunsa adadya phula.

Mankhwala akhale m'mabokosi ao enieni. Ndikudziwa kuti m'zipatala mwathu timapatsidwa mapiritsi m'timapepala tapulasitiki tojambulidwa dzuwa ndi mwezi. Kwa wa kasitomu wa dziko lina, kapepala ka mapiritsi oyera kopanda dzina n'chinthu chokayikitsa. Pemphani kuti alembepo dzina lanu, dzina la mankhwala, mphamvu yake ndi tsiku limene adzathe ntchito. Ndipo zonsezi zikhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi kalata ija. Sutikesi imene mwapereka pa bwalo la ndege la Kamuzu ikhoza kugona ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg inu mutafika kale. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Kwa obaya insulini pali chifukwa chachiwiri: kumene kumakhala masutikesi m'ndege kukhoza kuzizira kwambiri, ndipo insulini ikaundana yatha ntchito ngakhale isungunuke. Yosatsegula isungidwe pa madigiri 2 mpaka 8. Kachikwama kozizira n'kokwanira pa ulendo.

Pali mankhwala ena amene malamulo amawayang'anitsitsa: tramadol, codeine, diazepam, ndi phenobarbitone amene odwala khunyu ambiri kuno amamwa. Amenewa kalata ya dokotala ndiyo imasiyanitsa wodwala ndi wozembetsa. M'chaka cha 2017 mayi wina wa ku Britain adagwidwa pa bwalo la ndege la Hurghada ku Egypt ali ndi mapiritsi a tramadol pafupifupi 290. Iye adati adatengera mwamuna wake wodwala msana. Khoti lidamulamula zaka zitatu, ndipo adatuluka atakhala m'ndende chaka ndi miyezi. Dziko la United Arab Emirates nalonso silisekerera mankhwala amenewa, choncho odzera ku Dubai afufuziretu. Phukusi la mankhwala a munthu wina musalandire, ngakhale atakupatsani ndi m'bale wa kutchalitchi amene ali ndi mwana kumeneko. Komanso, agogo akakupatsani mitsitsi kapena ufa wa m'kansalu kuti muzikathira m'phala, thokozani mwaulemu, koma muusiye kunyumba. Kufotokozera wa kasitomu wa ku Beijing za mtengo umene ngakhale inu simuudziwa dzina ndi ntchito yaikulu.

Tsopano ndinene nkhani imene sindikuyang'ana nayo munthu aliyense. M'dziko muno ma ARV adayamba kuperekedwa mwaulere m'chaka cha 2004, ndipo ana amene adayamba kumwa ali aang'ono lero ndi anyamata ndi atsikana anzeru amene akupambana maphunziro a kunja. Ngati muli mmodzi wa iwo, musanyamuke mwakachetechete. Kaya mumalandira ku Lighthouse pa Kamuzu Central, ku Martin Preuss pa Bwaila, kapena kwina kulikonse, auzeni za ulendo wanu msanga, akupatseni kalata yosamukira yotchula mtundu wa mankhwala anu ndi zotsatira za magazi zaposachedwa, ndiponso mukambirane za mabotolo oti mutenge. America idachotsa lamulo loletsa anthu amene ali ndi HIV kulowa m'dzikomo m'chaka cha 2010, ndipo ku England chithandizo cha HIV n'chaulere kwa aliyense kuyambira 2012. Koma maiko ena, monga Russia, amafuna chikalata cha magazi kwa wokakhala nthawi yaitali. Zimenezi muzidziwe musadavomere malo, osati mutalipira kale tikiti.

Za maola ndingodutsamo. Beijing ili patsogolo pathu ndi maola 6, India ndi maola atatu ndi theka, pamene New York ili kumbuyo ndi maola 6 kapena 7 malinga ndi nyengo. Mankhwala amene amafuna nthawi yake, monga insulini, a khunyu ndi mapiritsi olera, dokotala akulembereni m'mene musunthire nthawiyo pang'onopang'ono.

Mukafika, kalembetseni kwa dokotala sabata yoyamba, mudakali bwinobwino, mankhwala adakalipo. Opita ku Britain mwalipira kale ndalama ya chipatala pamodzi ndi viza, imene m'chaka cha 2024 idakwera kufika pa mapaundi 776 pachaka kwa wophunzira. Ndalama yonseyo kuipereka kenaka n'kumaopa kulowa m'chipatala n'kudziba wekha. Ku England mankhwala ambiri amene dokotala walemba amalipiritsa pang'ono, pamene ku Scotland ngaulere kuyambira 2011. Opita ku South Africa, viza ya maphunziro imafuna kuti mukhale pa inshulansi ya zaumoyo yolembetsedwa m'dzikomo. Kulikonse kumene mukupita, werengani pepala la inshulansi muone ngati limalipira matenda amene mudali nawo kale, ndiponso ngati limalipira mandala. Kawirikawiri maso ndi mano amaziika padera.

Ndibwerere ku maso, kumene ndidayambira. Yezetsani musadanyamuke, ngakhale mukuganiza kuti mumaona bwino. Tili ndi chipatala cha maso cha Lions pa Kamuzu Central, kuli Nkhoma, ndiponso oyeza maso amene si aboma alipo ku Old Town ndi ku City Centre. Akatha kuyeza musangotenga mandala n'kumapita. Pemphani pepala la manambala. Pamakhala SPH, CYL ndi AXIS pa diso lililonse, ndipo muwapemphe alembeponso PD, womwe ndi mtunda wa pakati pa maso anu awiri. Manambala amenewa amawerengeka chimodzimodzi ku Delhi, ku Moscow ndi ku Cape Town. Lijambuleni pa foni, lina musiyire amayi. Mandala agulidwe awiri, ena pamphuno, ena m'chikwama cha m'manja. Makolo, ngati ndalama yachepa, chepetsani nkhuku za phwando lotsanzikana, mandala achiwiriwo agulidwe.

Pemphaninso kuti akuyezeni mphamvu ya madzi a m'diso. Pali matenda otchedwa glaucoma amene amagwira anthu akuda kwambiri ndiponso msanga kuposa azungu. Sapweteka, amayamba kudya m'mbali mwa zimene munthu amaona, ndipo zimene zatayika sizibwerera. Ngati m'banja mwanu muli amene adachita khungu opanda ng'ala, muuzeni woyezayo. Amene muli kale pa mankhwala odontheza a matendawa, tsiku lililonse limene mwadumpha mukulipira ndi diso. Latanoprost wosatsegula amasungidwa m'firiji. Timolol ngoopsa kwa wodwala mphumu, choncho dokotala wa maso wa kumeneko adziwe za chifuwa chanu ngakhale asakufunseni. Botolo la mankhwala a m'maso likatsegulidwa, ambiri amatayidwa pakatha masiku 28. Lembani tsiku lotsegulira pa botolopo. Ndiye pali chizolowezi chathu chija, maso akamayabwa nthawi ya fumbi, chogula mankhwala odontheza amene adathandiza mnzathu. Ambiri mwa amenewo ali ndi steroid, monga dexamethasone. Amaziziritsa maso lero, koma kuwagwiritsa ntchito miyezi yambiri popanda dokotala kumakweza mphamvu ya m'diso ndi kuyambitsa ng'ala. Musanyamule mabotolo khumi a amenewa.

M'nyumba zotenthetsedwa nthawi yozizira, pamodzi ndi kuyang'ana pa kompyuta usiku wonse, maso amauma n'kumamveka ngati muli mchenga. Misozi ya m'botolo yogula m'famase imathandiza. Atsikana ndi anyamata amene mukaone anzanu akuvala timagalasi tomata padiso penipeni, musatitsuke ndi madzi a pampopi, musagone nato, musasambire nato. Odwala shuga, kumbuyo kwa diso kuyezedwe chaka chilichonse.

Chotsiriza ndi malungo. Udzudzu umene ukulumeni ku Salima pa ulendo wokatsanzika agogo ukhoza kukugwetsani patatha sabata ziwiri muli ku Glasgow, kumene dokotala akaona kutentha thupi amayamba waganiza za chimfine. Nenani nokha, momveka, kuti mwachokera ku Malawi ndipo mukufuna kuyezedwa malungo tsiku lomwelo. Ife tidapita nthawi ya chloroquine, amene dziko lino lidasiya mu 1993 n'kuyamba Fansidar, kenaka LA mu 2007. Ngati dokotala wanu wavomera kuti mutenge LA, mutenge, koma kuyezetsa kukhale patsogolo. Ndipo mukadzakhala kunja zaka ziwiri kapena zitatu, thupi limaiwala malungo. Pobwera kutchuthi mudzagone m'masikito ndi kumwa mankhwala oteteza monga mlendo, abale akusekeni ngati akufuna.

Bambo Wapampando, kukhosomola kwanu ndakumva. Tikatha kumwa tiyi ndikhala pa tebulo la pafupi ndi khomolo. Amene mwabwera ndi mabokosi a mankhwala kapena mabuku a kuchipatala, bwerani tiwerengere limodzi maina. Amene simukufuna kuonedwa ndi anthu, mlembi wa nthambi ali ndi nambala yanga.